Khonde la Matabwa Pamwamba pa Eyakoni: Apatuke Ndani?

Nkhani ya lero ikuchokera kuseri kwa nyumba, kumene mlendo safikako msanga. M'madera okhala anthu ozungulira mizinda ya ku America, kuseri kwa nyumba kuli zinthu ziwiri zimene zimalimbirana malo. Choyamba ndi khonde la matabwa lokwezeka pamizati, limene eni ake amalitcha deki, pamene banja limacheza madzulo nyama ili pamoto. Chachiwiri ndi chibokosi chachitsulo chokhala ndi fani pamwamba, chimene chimang'ung'uza tsiku lonse m'nyengo yotentha, ndicho mbali yakunja ya eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba. Kafukufuku wa boma la dzikolo wa mu 2020 anapeza kuti mabanja 88 mwa 100 alionse amagwiritsa ntchito eyakoni, ndipo pa mabanja atatu alionse, awiri ali ndi mtundu woziziritsa nyumba yonse, umene chibokosi chake nthawi zambiri chimakhala pansi, pambali pa khoma. Tsono mwininyumba akafuna khonde, amapeza kuti malo abwino, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, chibokosi chija chinawalanda kale. Ganizo limene limabwera msanga ndi lakuti angomanga khonde pamwamba pake, chibokosi chibisale kunsi, maso apumule. Ine ndikuti ganizo limeneli ndi lolakwika m'nyumba zambiri, ndipo pa zinthu ziwirizi, loyenera kupatuka ndi khonde. Likakana kupatuka, mwininyumba asamutse makinawo, ndipo ndalama yosamutsira aiwerengere ku mtengo wa khondelo.

Kuti timvane, tiyambe ndi ntchito ya chibokosichi, chifukwa ambiri amene amafuna kuchikwirira amachiyesa injini wamba imene ingagwire ntchito paliponse bola magetsi alipo. Eyakoni sipanga kuzizira monga mmene mbaula imapangira kutentha. Ntchito yake ndi kusamutsa kutentha, kukuchotsa m'chipinda n'kukakutaya panja. M'mapaipi ake a kopa mumayenda gasi amene amayamwa kutentha kwa m'nyumba. Kompuresa, imene ili m'chibokosi chakunja chija, imapanikiza gasiyo mpaka atatentha kuposa mpweya wa panja, kenaka fani imakoka mpweya kudutsa m'timapaipi tokhala ndi tizitsulo topyapyala ngati ta rediyeta ya galimoto, mpweyawo n'kunyamula kutenthako kupita nako. Gasi akazizira amabwerera m'nyumba kukatenga kwina. Aliyense amene anakhudzapo kumbuyo kwa filiji n'kumva kufunda waionapo kale njira imeneyi. Asodzi angaimvetse mosavuta: ndi chimodzimodzi kukapa madzi m'bwato lothonya. Madzi amalowabe, koma munthu akamakapa n'kumataya m'nyanja, bwato limayenda. Chibokosi chakunja ndiye dzanja lotayira madzi kunja. Kumanga denga lotsika pamwamba pake kuli ngati kuika chitsekerero pa bwato, madzi okapidwa n'kumagunda chitsekererocho ndi kugweranso m'kati. Wokapa amatopa kawiri, madzi osatha.

Tiikepo manambala, kuti nkhaniyi isakhale ya mafanizo okha. Ku America mphamvu ya eyakoni amaiyeza m'matani, dzina lotsalira kuchokera nthawi imene nyumba ndi mafakitale ankaziziritsa ndi madzi oundana. Tani imodzi ndi pafupifupi makilowati 3.5 a kutentha kochotsedwa. Nyumba ya banja yapakatikati ikhoza kukhala ndi makina a matani 3, amene amachotsa makilowati pafupifupi 10.5. Koma chibokosi chakunja chimataya zoposa pamenepo, chifukwa magetsi amene kompuresa yadya nawonso amasanduka kutentha, makilowati ena atatu kapena kuposerapo pang'ono. Tikaphatikiza tikupeza 13 kapena 14. Yerekezani maketulo a magetsi 6 kapena 7, onse akuwira nthawi imodzi pamalo amodzi, osazimitsidwa masana onse. Kuti kutentha kotere kuchoke popanda makina kupsa, fani imayenera kukankha mpweya woposa malita 1,000 pa sekondi iliyonse. Mwamva bwino, pa sekondi. Amenewo ndi madilamu asanu a malita 200. Tsono khonde likakhala la mamita 4 m'lifupi, mamita 5 m'litali, lokwera mita imodzi kuchokera pansi, mpweya wonse wa kunsi kwake ndi malita 20,000, ndipo faniyo imaumaliza wonse m'masekondi 20. Ikaumaliza iyenera kupeza wina watsopano. Ukapanda kubwera wina kuchokera kutali, imakokanso womwe uja yangoutaya.

Apa ndiye pagona vuto lonse. Makina ambiri a ku America amakoka mpweya m'mbali zake n'kuuponya m'mwamba, ngati utsi wa pa chumuni. Mpweya wotenthawo ukagunda matabwa, umabalalika, umatsikira m'mbali, makina n'kuumezanso. Ulendo wachiwiri umatuluka wotentha kuposa poyamba, wachitatu kuposa wachiwiri. Panja pakhoza kukhala madigiri 32, koma makinawo akupuma mpweya wa madigiri 40 kapena kuposa. Makina ambiri amayesedwa mphamvu pa madigiri 35 a panja, ndipo kutentha kukamapitirira pamenepo, mphamvu yoziziritsa imatsika pamene njala ya magetsi ikukwera. Amisiri a mafiliji ali ndi chiwerengero chimene amayendera: digiri iliyonse yowonjezeka kumbali yotayira kutentha imadya magetsi ena 2 kapena 3 pa 100 alionse. Madigiri asanu ndi atatu owonjezera, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu la magetsi likupita pachabe. Bilu ndiyo yaing'ono pa nkhaniyi. Gasi akalephera kuzizira, mphamvu yake m'mapaipi imakwera, kompuresa imakoka magetsi ambiri, mawaya ake amatentha, mafuta ake amafooka. Makina okhala ndi chitetezo amadzizimitsa okha, n'kuyakanso, n'kuzimanso, ndipo zimenezi zimachitika pa tsiku lotentha kwambiri, lomwe anthu akuwafuna koposa. Kompuresa ndiyo chipangizo chodula kuposa zonse m'chibokosimo, moti ikapsa, eni nyumba ambiri amangogula makina atsopano.

N'chifukwa chake opanga makinawa salankhula mozungulira. Buku loikira makina a Carrier, kampani ya dzina la Willis Carrier amene mu 1902 anakonza makina oyamba a mtundu uwu pa fakitale yosindikiza ku Brooklyn, limalamula kuti pamwamba pa chibokosi pakhale mpata wa mainchesi 48, kumene kuli pafupifupi mita 1.2. A Trane amalemba mafiti 5, pafupifupi mita 1.5. Kumbukirani kuti muyesowu sukuyambira pansi, ukuyambira pamwamba pa chibokosi, chimene pachokha chikhoza kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Phatikizani msinkhu wa chibokosi, mpata wofunikawo, ndi mitanda yochirikiza matabwa, mupeza kuti khonde liyenera kukwera kupitirira mamita 2. Makonde ambiri a kuseri kwa nyumba amayalidwa molingana ndi chitseko cha pansi, ndipo safika ngakhale theka la pamenepo. Wina akhoza kunena kuti makampani amakokomeza podziteteza. Mwina amawonjezerapo pang'ono. Koma waranti ya makina imadalira kuti aikidwe molingana ndi bukulo, ndipo mmisiri wobwera kudzaona kompuresa yakufa safunika luso lalikulu kuti aone matabwa ali pamutu pake.

Tsono timve mbali inayo, chifukwa amene amafuna kumanga chotere si anthu opusa, ndipo mfundo zawo zina zili ndi mutu. Yoyamba, yomwe imakopa kwambiri, ndi ya mthunzi. Akuti makina ali padzuwa amavutika, ndiye khonde likhala ngati ambulera. Nzeru ya tsiku ndi tsiku imavomereza, paja munthu wolima amathawira pansi pa mtengo. Koma makinawa saziziritsidwa ndi khungu lake lachitsulo, amaziziritsidwa ndi mtsinje wa mpweya umene ukudutsa m'kati mwake. Dzuwa la masana, likakhala lamphamvu zedi, limapereka pafupifupi kilowati imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndipo pamwamba pa chibokosi sipaposa kukula kumeneko. Kilowati imodzi poyerekeza ndi 13 zija, ndipo yambiri mwa iyo imathera pa chivundikiro osafika kwa gasi. Ofufuza a Florida Solar Energy Center anayesa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1990 pa nyumba zenizeni, m'chigawo chimene dzuwa silichita nthabwala, ndipo anapeza kuti phindu la kuphimba makina ndi mthunzi linali laling'ono kwambiri. Chifukwa chake n'chomveka: kuti mthunzi uthandize, uyenera kuziziritsa mpweya wa bwalo lonse, monga imachitira mitengo ikuluikulu yambiri, osati kachigamba kamodzi. Womanga khonde lotsika ndiye kuti wagula kaphindu kosaoneka ndi maso, n'kulipira ndi mpweya umene makina amakhalira moyo.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti khonde la matabwa si denga la simenti, lili ndi mipata pakati pa thabwa ndi thabwa. Zoona. Koma tiyese mipatayo. Thabwa la pakhonde limakhala pafupifupi masentimita 14 m'lifupi, ndipo kalipentala amasiya mpata wa mamilimita ngati 5 kuti madzi a mvula azidutsa. Ndiye kuti pa magawo 100 a khonde, otseguka ndi atatu kapena anayi okha. Madilamu asanu a mpweya pa sekondi sangadutse pa timing'alu totere, monga mmene gulu lotuluka pa bwalo la mpira silingadutsire pa kageti ka munthu mmodzi. Ndipo timipata tomweto, tolephera kutulutsa mpweya, timakwanitsa bwino kulowetsa zinyalala. Masamba, fumbi la kunsapato, ubweya wa galu, nyenyeswa za chakudya, phulusa ndi mafuta a pamalo owotchera nyama, utoto wodontha pokonzanso matabwa, zonse zimagwera pakamwa pa fani ndi pa tizitsulo topyapyala tija. Tizitsuloti tikamatirira, mpweya umachepanso kachiwiri. M'zigawo zozizira, kumene makina omwewa amawatembenuza kuti azifunditsa nyumba m'nyengo ya chisanu, madzi odontha kuchokera m'matabwa amaundana pa mapiko a fani, fani n'kuyamba kuzungulira mopendama.

Anzeru ena amati, chabwino, tidula bowo pakhonde pamwamba penipeni pa fani, tiikepo sefa yachitsulo yolimba yoti munthu n'kupondapo. Njira imeneyi ndi yabwinoko kusiyana ndi kutseka, ndipo sindikana kuti makina akhoza kupuma ngati bowolo ndi lalikulu ndipo m'mbali mwa khonde simunatchingidwe. Koma taganizirani chimene munthuyu wadzimangira. Ankafuna malo opumulirapo madzulo, kutali ndi phokoso ndi chifundizi. Tsopano pakati pa khonde lake pali ng'anjo youzira mpweya wotentha m'miyendo ya alendo, pamene sangaikepo tebulo, mpando kapena mphasa. Tsiku limene mwana adzakokerapo kapeti kapena wina adzaikapo bokosi la zakumwa, makina adzabanika popanda wodziwa. Phokosonso silichepa poliika kunsi kwa matabwa. Khonde lokhala ndi mphako pansi pake limachita ngati ng'oma, limalandira kunjenjemera n'kukukuza. Amene ankadandaula ndi kung'ung'uza kwa pambali pa nyumba tsopano wakukhalira pamwamba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo khonde lotere limaoneka bwino pa chithunzi chokha.

Pali mbali ina imene akalipentala saiganizira kawirikawiri, chifukwa si iwo adzabwerenso. Makinawa amafuna munthu. Amafuna kutsukidwa, kuyezedwa gasi, kusinthidwa kapasita ikafa, ndipo zipangizo zake zazikulu zimatulukira pamwamba. Kuti mmisiri achotse mota ya fani, amamasula chivundikiro chonse n'kuchinyamula m'mwamba. Kuti achotse kompuresa, chinthu cholemera zedi, amaikweza kudzera pomwepo. Malamulo a zomangamanga a m'madera ambiri a ku America amafuna kuti pakhale malo oti mmisiri aime pogwira ntchito, komanso kuti swichi yodulira magetsi ikhale poonekera ndi pofikirika kuchokera pa makinawo, kuti munthu asagwire mawaya amoyo wina atayatsa ali kutali. Mmisiri wokwawa chafufumimba pa dothi lonyowa, tochi ili kukamwa, akugwira mawaya a mavoti 240, sangagwire ntchito yabwino, ndipo ambiri amakana kapena amakweza mtengo. Chimene chimatsatira n'chodziwika kale: makina ovuta kufikira sasamalidwa. Ndipo tsiku lowasintha likafika, pakatha zaka khumi ndi zisanu kapena kuyandikira pamenepo, khonde likadali lolimba, mwininyumba amapeza kuti atsopano ndi aakulu kuposa akale. Kuyambira pamene boma la America linakweza muyeso wa kasungidwe ka magetsi mu 2006, n'kuukwezanso mu 2023, opanga akhala akukulitsa mbali yotayira kutentha, chifukwa njira yosavuta yochepetsera magetsi ndiyo kupatsa mpweya malo ambiri okhudzana ndi gasi. Bowo limene kalipentala analiyeza molingana ndi makina a lero silidzakwana a mawa.

Ndiye pali uja amene amati, mnansi wanga anamanga chotere zaka zapitazo, mpaka lero makina ake akugwira. Umboni woterewu ndi wovuta kuutsutsa chifukwa ndi woona, koma ndi woperewera. Kugwira ntchito ndi kugwira bwino ndi zinthu ziwiri. Makina ambiri amagulidwa aakulu kuposa mmene nyumba ikufunira, ndiye ngakhale atataya gawo la mphamvu zake, m'nyumba mumazizirabe, ndipo mwiniwake alibe bilu ina yoyerekezera kuti aone zimene akutaya mwezi ndi mwezi. Kompuresa ikadzafa pa chaka chachisanu ndi chinayi m'malo mwa chakhumi ndi chisanu, adzati yakalamba. Palibe amene amaloza khonde.

Kodi ndiye kuti palibe khonde lililonse limene makina angakhale kunsi kwake? Lilipo, ndipo kukana zimenezi kungakhale kuuma mutu. Nyumba yomangidwa pa chitunda, imene khonde lake limachokera pa chipinda cham'mwamba, mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pansi, lotseguka mbali zitatu popanda timatabwa totchinga, ikhoza kusunga makina kunsi popanda vuto lalikulu, makamaka akaikidwa chakumapeto kumene mphepo imadutsa. Komanso pali mtundu wina wa makina, umene makampani monga Daikin, Mitsubishi Electric ndi LG amapanga wambiri, wa chibokosi chopyapyala chimene fani yake imaponya mpweya kutsogolo osati m'mwamba. Chimenechi sichifuna mpata waukulu pamutu, chimafuna njira yotseguka patsogolo pake ndi kampata kumbuyo kokokera mpweya. Chikaikidwa m'mphepete mwa khonde, nkhope italoza kubwalo, chimapuma bwino. Koma onani kuti m'zitsanzo zonse ziwirizi mfundo sinasinthe. Makina aloledwa kukhala kunsi chifukwa mpweya wawo uli ndi kolowera ndi kotulukira kosiyana. Mwininyumba akangoti pansi pa khonde pakuoneka poipa, n'kukhoma timatabwa topingasa kuzungulira, wabwerera pomwe tinayambira.

Mtundu wa makina oponya mpweya kutsogolowu ndi umene tili nawo kuno kwathu, m'maofesi a ku Lilongwe ndi Blantyre, m'mabanki, ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, kumenenso makonde a matabwa oyang'ana kunyanja ndi ofala. Choncho nkhaniyi si ya kutali kwenikweni. Kusiyana kwake n'kwakuti chimene chimatsekereza makina kuno nthawi zambiri si kukongoletsa kokha, komanso kuopa akuba, amene amafuna mapaipi a kopa. Mantha amenewa ndi oona, ndipo palibe angauze munthu kuti asiye katundu wake wodula pamtetete. Koma khola la zitsulo zotalikirana, la loko wotsegula mmisiri akabwera, limaletsa wakuba popanda kuletsa mpweya. Kabokosi ka njerwa ka timabowo, kapena kukankhira makina kunsi kwa masitepe atayang'ana khoma, n'chimodzimodzi khonde lotsika la ku America lija. Ndipo kuno malire ali pafupi. Ku Chikwawa ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40 makina asanayambe n'komwe kudzipumira mpweya wawo. Alipo makina opangidwira maiko otentha amene amayesedwa pa madigiri 46, koma ngakhale amenewo sanapangidwe kuti azikhala m'uvuni. Wogula mayunitsi a ESCOM amaona yekha pa mita mmene akutsikira. Malo amdima, ofunda, osafikako tsache, amaitananso makoswe otafuna mawaya ndi abuluzi olowa m'bokosi la zamagetsi, ndipo amisiri a mafiliji amadziwa bwino zimene buluzi mmodzi amachita akagona pa bolodi ya makina amakono.

Mfundo yolemera kuposa zonse ya mbali inayo ndi ndalama, ndipo ndaisungira kumapeto dala. Kusamutsa makina si kunyamula mpando. Mmisiri amayenera kubweza gasi yense m'chibokosi kapena kumukokera m'silinda, kudula mapaipi, kulumikiza ena atsopano ndi moto, kukoka mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipimo ndi pampu, kuwonjezera gasi molingana ndi kutalika kwatsopano, kukoka mawaya ena, ndi kukonza maziko ena. Ku America lamulo limaletsa kutayira gasiyu m'mlengalenga ndipo wogwira ntchitoyi amayenera kukhala ndi chiphaso, chifukwa gasi wakale wa R-22 amawononga chophimba cha ozoni chimene maiko anagwirizana kuteteza ku Montreal mu 1987, pomwe R-410A amene anamulowa m'malo amawonjezera kutentha kwa dziko, nkhani imene inakambidwa ku Kigali mu 2016. Mapaipinso ali ndi malire a kutalika, ndiye makina sangapite kulikonse kumene maso akonda. Zonsezi ndi ndalama, ndipo munthu amene wasonkha kale za matabwa, misomali ndi kalipentala amaona ngati akumulipiritsa kawiri. Koma ayerekeze bwino. Kusamutsa amalipira kamodzi, pa tsiku limene wasankha yekha, bwalo likadali lopanda kanthu. Kukwirira amalipira mwezi uliwonse pa magetsi, amalipira mmisiri aliyense wobwera, ndipo pamapeto pake amalipirabe kusamutsa komweko, pamodzi ndi kuphwasula khonde, pa sabata yotentha imene amisiri onse ali otanganidwa. Ngati makina ali kale okalamba, nzeru ndi kuphatikiza ntchito ziwirizi, atsopano n'kuikidwa pamalo atsopano. Ndipo ngati ndalama yosamutsira palibe, njira yotchipa ilipo: khonde lizungulire makinawo, likhale ndi chigamba chodulidwa pakona, kapena lifupike ndi mita imodzi. Palibe mlendo anadandaulapo kuti khonde ndi loperewera pakona.

Pali chinanso chatsopano chimene chikuwonjezera kulemera kwa mfundo yanga yokana kukwirira makina. Pothawa magasi owononga nyengo, makina ambiri a masiku ano akubwera ndi R-32 kapena R-454B, amene amatha kuyaka pang'ono akachuluka pamalo amodzi n'kukumana ndi moto. Si oopsa ngati gasi wophikira, ndipo pabwalo lotseguka akadontha amangomwazika. Koma ndi olemera kuposa mpweya, amakonda kutsikira pansi, ndipo opanga amalangiza kuti chibokosi chakunja chikhale pamalo opita mphepo. Mphako yotchingidwa kunsi kwa matabwa ouma, pamwamba pake pali mbaula ya makala, si malo amene munthu woganiza angasankhe.

Pansi pa zonsezi pali khalidwe limene tonse tili nalo, lofuna zabwino za chinthu koma osafuna kuona ntchito yake. Tikufuna chipinda chozizira, chibokosi chonyansa ayi. Walira mvula walira matope. Bungwe la International Energy Agency linalosera mu 2018 kuti ma eyakoni padziko lonse adzachoka pa 1.6 biliyoni kufika pa 5.6 biliyoni pofika 2050, ndipo ambiri atsopanowo adzaikidwa m'maiko otentha, kumene magetsi ndi operewera kale. Maboma amalimbana ndi makampani zaka zambiri kuti makina achepetse magetsi ndi magawo ochepa pa 100, kenaka kalipentala ndi mwininyumba amafafaniza phindu lonselo masana amodzi ndi matabwa khumi. Vuto lake ndi dongosolo la kuitana anthu. Kalipentala amaitanidwa poyamba, amayeza, amajambula, amagula matabwa, ndipo mmisiri wa eyakoni amadzamva nkhaniyi makina atayamba kale kuzima okha. Atati asinthane, wa eyakoni afike poyamba ndi buku la makinawo m'manja, alembe pansi ndi choko malire a mpweya ndi poima pake, kalipentala adzajambule khonde kunja kwa mzerewo, mkangano wonsewu sungabuke.

Nanga omvera amene khonde linamangidwa kale, makina ali kunsi pamene tikulankhula pano? Musathamangire chikwanje kapena sowo. Pezani kachipangizo koyezera kutentha, dikirani masana a tsiku lotentha makina atagwira ntchito kwa theka la ola, muyeze mpweya pambali pa chibokosi pamene chikukokera, kenaka muyezenso pamthunzi pabwalo, mamita angapo kuchokera pakhonde. Manambala awiriwo akafanana kapena kusiyana ndi digiri imodzi, makina anu akupeza mpweya watsopano, chotsala n'kuonetsetsa kuti mmisiri ali ndi polowera. Akasiyana ndi madigiri anayi, asanu kapena kuposa, makinawo akudya mpweya wawo womwe. Yambani ndi kuchotsa zotchinga za m'mbali, muyezenso mawa lake nthawi yomweyo. Kusiyanako kukapanda kutsika, zulani matabwa a pamwamba pa fani kufikira mulifupi mwa chibokosi chonse, mutchinge bowolo ndi kampanda kuti ana asagweremo, ndipo muitane mmisiri adzakuuzeni mtengo wosamutsira nyengo yotentha isanafike.